Chitenje Chonunkha Mkango

Ntchito za Zipora tsiku limenelo zinali zodziwika kale: kusesa pabwalo, kutsegulira nkhuku, kuchapa matewera a Ulemu, kukaima pamzere kumjigo, kukonola chimanga choti chipite kuchigayo, ndipo dzuwa lisanakwere kukathirira kabichi kudimba. Zonsezi anazigwira mwana ali kumbuyo. Koma yomalizayo ndi imene inamuonongera tsiku, chifukwa atatsikira kudambo ndi ndowa yake anapeza ena atamufikira kale.

Ng'ombe za a Jeremiya zinali m'kati mwa dimba. Zinkadya mosafulumira, ngati alendo oitanidwa. Yofiira ija ya nyanga yothyoka, imene inkatsogolera zinzake pa choipa chilichonse, inali itamaliza mzere wathunthu ndipo inali kuyamba wina. Zipora anaponya ndowa, anaponya zibuma, anakuwa mpaka mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Ng'ombe zinatuluka chinyolonyolo podzera pomwe zinaboola mpanda, yofiirayo tsamba la kabichi lili pakamwa.

Aka sikanali koyamba. Chibwerereni matipate, sukulu inakhala yaulere, ndipo anyamata onse amene ankaweta ng'ombe m'midzi ya ku Mitundu anataya zikwapu n'kukakhala pansi pa mitengo kuphunzira a e i o u. Zipora sukulu yaulereyo sankadana nayo, ngakhale inamuchedwera, popeza iye anasiyira sitandade sikisi kaamba ka fizi. Chimene ankadana nacho chinali chakuti ng'ombe zinatsala zodziweta zokha, ndipo pa chilimwe chonse malo obiriwira m'dambomo linali dimba lake. Kabichi ameneyo ndiye anali feteleza wake. Akagulitsa pamsika wa Mitundu mvula isanagwe, chimanga chaka chamawa chidzabereka. Akapanda kugulitsa, adzakolola mapesi okhaokha.

Kudandaula kunali kovuta. A Jeremiya anali amalume ake a Gilibati, mwamuna wa Zipora, ndipo iye anali wobwera, mkazi wa chitengwa wochokera ku Nathenje. Ngakhale malo a dimbalo anali a kuchimuna. Ulendo woyamba anapita n'kukagwada chapatali, nafotokoza mwaulemu. A Jeremiya anamvetsera akusenda nzimbe.

"Apongozi, ine abusa ndinali nawo," anatero. "Boma landilanda. Kadandauleni kuboma."

Madzulo a tsikuli, Gilibati atabwera kuchokera kumsika kumene ankakonza njinga, Zipora anamulandira ndi chitsa cha kabichi m'manja.

"Abambo a Ulemu, taonani feteleza wanu."

"Zalowanso?"

"Ayi, ndadya ndine."

"Timangenso mpanda."

"Wa mapesi womwewo? Ng'ombe zimayamba kudya mpandawo, kabichi n'kukhala ndiwo. Kalankhuleni ndi amalume anu."

Gilibati anayang'ana zala zake zakuda ndi girisi. "Munthu sutengera amalume ako kubwalo chifukwa cha masamba," anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo monga inkathera nthawi zonse.

Loweruka lotsatira Zipora anapita kwawo ku Nathenje kukaona mkulu wake Esnart, amene anali atangobereka kumene mwana. Ali khale pakhonde akusenda mtedza, anaona galu wa pakhomopo akudzuka n'kupinda mchira, ulendo kuseri kwa nkhokwe. Mbuzi ziwiri zomangirira pa mtengo wa mango zinayamba kukoka zingwe ngati zaona moto. Kenaka ndi pamene anatulukira Lackson, mwamuna wa Esnart, akukankha njinga. Iyeyu ankagwira ntchito m'tauni ku Lilongwe, kuzuu, kumene amasunga nyama zakutchire m'makola kuti anthu azikaona, ndipo ankabwera kumudzi kumapeto a sabata.

"Kavulireni ovolosi yanuyo kutali!" anakuwa Esnart. "Mbuzi zanga zidzipachika."

"Ndafika ndi kufika komwe? Aa, ndi mkazi wanga wamng'ono wabwera! Alamu, mwatopa naye wa masipoko uja?"

"Ndikatopa naye ndidzafuna mwamuna wonunkha bwino," anayankha Zipora. Koma maso ake anali pa mbuzi zija. "Zikuthawa chiyani?"

"Mkango. Ndimatsuka khola lake. Fungo limakanirira m'zovala, ngakhale uchape ndi sopo."

"Mbuzizi zinauonapo mkango?"

"Ziuonere kuti? Zimangodziwa. Zimabadwa nazo m'magazi."

"Nanga ng'ombe?"

"Ng'ombe ndiye kuposa. Ngolo ikandidutsa pamsewu, woyendetsa amatukwana."

Zipora anasiya kusenda mtedza. Anapempha ovolosiyo, Lackson anakana poti inali ya kuntchito ndipo analibe ina. Anapempha kuti sabata yamawa adzamutengere ndowe za mkangowo m'jumbo, akathire m'mbali mwa dimba. Lackson anaseka mpaka kutsamira njinga.

"Ine ndipalase kuchoka m'tauni ndi ndowe pakeliyala? Anthu adzati ndikukhwima. Mukazifuna, alamu, kadzitengereni nokha. Mudzandipeza."

Ankanena mocheza. Zipora sanamve mocheza. Atabwerera ku Mitundu anagwira thadzi lake lakuda limene linali litayamba kuikira, nakaligulitsa kwa wokazinga tchipisi kuti apeze ya minibasi. Lachitatu m'mawa anathirira kabichi kawiri, anatseka pobooka ndi nthambi, anavala chitenje chake chabwino cha maluwa achikasu chimene ankapitira kutchalitchi, anabereka mwana ndi chakale, nanyamuka ndi majumbo awiri opinda bwino.

Lackson atamuona pageti anagwira pakamwa. "Mwabweradi?"

"Munati ndidzakupezani."

Anamulowetsa ngati m'bale, namudutsitsa pa makola a anyani ndi a fisi mpaka kumapeto kumene kunali khola lalikulu la waya wokhuthala ndi zitsulo. Fungo linamufika Zipora asanaone kanthu, fungo lolemera lokanda kukhosi, ndipo mtima wake unati, eya, ndi limeneli. Koma mwini fungolo anamukhumudwitsa. Iye ankayembekeza chilombo choyendayenda, maso ofiira, chobangula mpaka nthaka kunjenjemera. Anapeza chinthu chofiirira chitagona chagada pamthunzi, miyendo m'mwamba, ntchentche zikuchita msonkhano pamphuno. Ubweya wa m'khosi unali wodzaza udzu ngati tsache lakutha.

"Wafa?"

"Wagona. Timamutcha Kapitawo. Ntchito yake ndi yomweyo."

"Akudwala?"

"Ali bwinobwino. Mkango ndi choncho, alamu, ngakhale kutchire. Usana wonse umagona, umadzuka dzuwa likapendeka. Ndipo kutchireko osaka kwambiri ndi aakazi. Bamboyu amangofika pa zophaipha n'kuyamba ndiye kudya."

"Zimenezo musandiuze, ndimazidziwa," anatero Zipora. "Ndowe zili kuti?"

Lackson anakanda m'mutu. Khola anali atatsuka m'mawa, ndipo zonse zimene anakokolola zinali zitakwiriridwa kudzenje pamodzi ndi za fisi ndi za anyani, atathirako mankhwala ophera tizilombo. Zipora anati palibe kanthu, adikira zatsopano. Lackson anakandanso m'mutu.

"Vuto ndi lakuti dzulo linali tsiku lake losala."

"Losala? Amapemphera mpingo wanji?"

"Samadya tsiku lililonse. Kutchire mkango umadya kamodzi mpaka mimba kukwekwereza pansi, kenaka umakhala masiku osalawa kanthu. Ndiye nafenso timamudumphitsa masiku ena, apo ayi anganenepe n'kudwala. Uyu anabadwira m'khola, sanaphepo ngakhale nkhuku, koma mimba yake ndi ya kutchire. Nyama timupatsa madzulo ano. Zanuzo mwina mawa, mwina mkuja."

Zipora anamuyang'ana mlamu wakeyo. Anaganiza za thadzi lakuda lija, loti pofika nthawi imeneyo linali litadyedwa kale ndi tchipisi. Anamasula mwana, anayala chitenje chakale pa benchi ya pamthunzi, nakhala pansi.

"M'mimba mwa nyama simutha zonse," anatero. "Ndidikira."

Anadikira. Lackson anapita kukadyetsa anyani, anabwera, anapitanso. Kunabwera ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, anakuwa kuti mkango udzuke, mkango unangogwedeza khutu limodzi, anawo anapita. Kunabwera bambo wina wa tayi ndi mkazi wake, anati awabera ndalama yolowera, anapita. Zipora anayamwitsa, anadya mbatata yake yootcha, anayamwitsanso. Dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kutsika. Nthawi yonseyi ankangoona m'maganizo ng'ombe yofiira ija ikununkhiza nthambi zimene anatsekera pobooka. Mkangowo unatembenuka kamodzi kokha, kuchoka chagada kupita chammbali, ndipo unayasamula. Apo Zipora anaona mano otalika ngati chala chake ndi lilime lokhakhala ngati tupa, ndipo anakokera benchi kumbuyo pang'ono. Kenaka unagonanso.

"Iwe," anauuza chapansipansi, poti panalibe womumva, "ndasiya ntchito kunyumba. Chinthu chimene mwana wanga amachita osapemphedwa, iwe chikukukanika?"

Mithunzi itatalika, mkango unadzuka. Unadziongola miyendo yakutsogolo, zikhadabo zikutuluka n'kubwerera, ndipo utaimirira Zipora anazindikira kukula kwake. Mutu wokha sukanalowa m'dengu. Unayamba kuyenda m'mbali mwa waya, pang'onopang'ono, potsata kanjira kamene mapazi ake anakumba kalekale. Unafika pa chitsulo cha pangodya, unakhuza tsaya lake pamenepo, unanunkhiza, kenaka unatembenuka n'kulozetsa mbuyo kwa Zipora, mchira n'kuukweza.

Zipora anaimirira. Yafika nthawi. Ulemu anali mtulo pa benchi. Zipora anatambasula jumbo, analumpha kachitsulo kotchinga alendo, nayandikira waya kuti aone pomwe zigwere.

"Alamu, chokanipo!" anakuwa Lackson akuthamanga ndi ndowa ya nyama.

Anachedwa. Sizinagwe pansi ayi. Zinabwera chammbuyo, molunjika, ngati madzi a mpope woboola, zofunda, kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo. Chitenje cha maluwa achikasu chinanyowa chonse. Mkango unagwedeza mchira, unapalasa dothi ndi miyendo yakumbuyo, n'kupitiriza ulendo wake osacheuka.

Lackson anaika ndowa pansi kuti aseke bwino. Anaseka mpaka misozi.

"Wakulembani! Tsopano ndinu wake. Ine ndalephera, Gilibati walephera, wakutengani Kapitawo!"

"Mukapitiriza kuseka ndikupukutirani kumaso."

"Pepani, alamu, pepani. Ndikanakuuzani. Akakweza mchira choncho si ndowe ayi. Ndi m'mene amalembera malire. Wamphongo aliyense amatero, amawaza mkodzo pa mitengo ndi pa zitsamba kuti wina akafika adziwe kuti pano pali mwini."

Zipora anali atayamba kumasula chitenje kuti akachichape pampope. Manja ake anaima.

"Mwati malire?"

"Eya. Fungo limene mbuzi zimathawa pa ovolosi yanga ndi limeneli. Koma amabwereza tsiku ndi tsiku, mwaona kanjirako? Dzuwa limapha fungo. Malire a mkango ndi mkango weniweniwo, ukasiya kuyendera..."

Zipora sanamve zotsalazo. Anali akupinda chitenje mosamala, konyowa kulowetsa m'kati, ngati munthu wokulunga mchere nthawi ya mvula. Anachiika m'jumbo, jumboyo m'jumbo inzake, namanga mfundo ziwiri. Bulauzi ndi siketi anazitsukuluza pampope n'kuzivala zonyowa.

Mu minibasi ya ku Mitundu anthu anayamba kuyang'anana asanatuluke n'komwe m'tauni.

"Alipo wanyamula nsomba zoola," anatero mayi wina.

"Nsomba sizitero," anatero bambo wa kumbuyo. "Ameneyu ndi fisi."

Kondakitala ananunkhiza mpando ndi mpando mpaka anafika pa Zipora. "Mayi, m'jumbomo muli chiyani?"

"Chitenje."

"Chitenje cha malemu? Tayani kapena tsikani."

"Ndalipira."

"Mwalipira inu, fungolo silinalipire."

Anagwirizana kuti akhale kuwindo, jumbo ikhale panja. Zipora anayenda ulendo wonse mkono uli kunja, fumbi likumumenya, dzanja lina litagwira mwana amene ankakana bere chifukwa amake sankanunkha ngati amake. Atafika anapeza ng'ombe zitadyako mzere wina, koma sanakuwe. Anatenga lezala, anang'amba chitenje chija timizeremizere, maluwa achikasu akuduka pakati, namangirira tinsanzato pa mpanda kuzungulira dimba lonse. Pobooka paja anamangapo tambiri.

M'mawa mwake anabisala kuseri kwa chulu. Ng'ombe zinatsika monga mwa masiku onse, yofiira patsogolo. Itatsala pang'ono kufika, inaima ngati yagunda khoma. Inakweza mphuno. Makutu anaima njo. Inapuma mwamphamvu, inabwerera chambuyo, kenaka inatembenuka ndi liwiro loti Zipora sankadziwa kuti ng'ombe yokalamba ili nalo, zinzake pambuyo, michira m'mwamba, fumbi koboo mpaka kumtunda. Zipora anakhala pansi kuseri kwa chuluko n'kuseka yekha, kuseka koyamba chiyambire chilimwe.

Tsiku lachiwiri zinachitanso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu lake a Jeremiya anabwera okha kudimba, ndodo m'manja, naima chapatali monga amachitira apongozi. Zipora anagwada pakati pa kabichi.

"Apongozi, ng'ombe zanga zikukana njira ya kumadzi. Zikuzungulira kutali, zikubwera zowefuka. Anthu akuti mwatchera mankhwala."

"Si mankhwala ayi, ndi chitenje changa."

"Chitenje chimathamangitsa ng'ombe?"

"Chinakodzeredwa ndi mkango."

A Jeremiya anayang'ana tinsanza ta pa mpanda. Anayandikira kansanza kamodzi, ananunkhiza, nabwerera msanga akupukuta mphuno.

"Ndiye ng'ombe zanga zikathyoka miyendo pothawa, mlandu ndi wa yani?"

Zipora anayang'ana pansi mwaulemu wonse. "Mkangowo ndi wa boma," anatero. "Mwina mukadandaule kuboma."

Mawu amenewo anamukoma sabata yonse. Ankawabwereza potunga madzi, ankawabwereza pokonola. Kabichi anayamba kukulunga mitu, yolimba ukaigogoda. Zipora anasiya kuthamangira kudimba mbandakucha. Ankathirira, n'kubwerera kunyumba kukagwira zina ngati munthu amene ali ndi wantchito. Ankaona kuti tinsanza tija tayamba kuyera ndi dzuwa, ndipo kuti ng'ombe sizikuthawanso ndi liwiro, zikungoima chapatali n'kumayang'ana, tsiku lililonse kufupikirako pang'ono. Ankaona, koma ankati chilombo ndi chilombo, fungo lake silingathe ngati la sopo.

Tsiku la sikelo anapita ndi Ulemu ku Mitundu. Mzere unali wautali, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka. Sanafike n'kunyumba komwe, anangodzera kudambo. Ali patali anaona misana.

Zinalowa zonse, ndi ana omwe. Mpanda wa kumadzulo unali pansi. Pakati pa dimba panaima yofiira ija, ndipo chimene inkatafuna sichinali kabichi. Pakamwa pake pankalendewera kansanza ka maluwa achikasu. Inkakatafuna mofatsa, maso ali pa Zipora, ikumva mchere wake, kansanzako kakulowa pang'onopang'ono mpaka kanatha.

Zipora sanaponye chibuma. Anazitulutsa ndi nthambi, imodziimodzi, kenaka anayenda m'mizere kuona zotsala. Kumadzulo konse kunali zitsa ndi ndowe, ndowe zambirimbiri zaulere zimene sanazipemphe. Kummawa, kufupi ndi chitsime, mitu inalipo yosakhudzidwa, mwina theka la dimba. Anamasula kansanza kamodzi kotsala pa mpanda n'kukanunkhiza. Kankanunkha fumbi basi.

Apo ndi pamene mawu a Lackson, aja sanawamvetsere, anamupeza. Amabwereza tsiku ndi tsiku. Anakumbukira kanjira kokumbika m'mbali mwa waya. Chilombo chaulesi chija, chogona usana wonse, chosadziwa kupha nkhuku, chinali ndi ntchito imodzi yokha imene sichinkaidumphitsa, kuyendera malire ake chokha. Ng'ombe zinadikira mwini fungo kuti aoneke, sanaoneke, ndipo zinadziwa kuti ndi bodza.

Kutacha, Gilibati anadzuka n'kupeza mtondo palibe, beseni palibe, mphasa palibe. Anatsikira kudambo. Anapeza mkazi wake atazika mitengo inayi pafupi ndi chitsime n'kufolera ndi udzu, matewera atayanikidwa pa mpanda, mwana akusewera pa mphasa, iye akukoka nthambi za minga kuchokera kuthengo, manja ali magazi okhaokha.

"Amake Ulemu, mwasamuka?"

"Usana ndizikhala kuno mpaka kabichi atapita kumsika."

"Nanga chakudya?"

"Chizipsa konkuno. Wanjala azitsika."

"Anthu aziti chiyani?"

"Aziti kudambo kuli mkango. Gwirani uko, minga iyi ndi yolemera."

Gilibati anayang'ana kumtunda, kwa amalume ake, anayang'ana manja a mkazi wake, nagwira nthambiyo. Kumsika anapita mochedwa tsiku limenelo.

Ng'ombe zinkabwerabe m'mawa uliwonse. Zinkapeza Zipora ali chilili pangodya, musi m'manja, ndipo yofiirayo inkamuyang'ana, iye n'kuiyang'ana, mpaka mmodzi atatopa. Sanali Zipora wotopayo. Akatero ankazungulira mpanda wonse, mwana kumbuyo, kukankhira minga pomwe yasuntha, ndipo pofika mwezi wa khumi mapazi ake anali atakumba kanjira m'mbali mwa dimba.

Kabichi wotsalayo anapita kumsika pa njinga ya Gilibati, maulendo angapo. Feteleza amene anagula anakwana munda wa kuseri kwa nyumba wokha, wa kumtunda unadzalidwa wopanda kanthu. Zimene zinapita ndi izi: thadzi lakuda ndi mazira amene likanaikira, theka la dimba, tsiku lathunthu lodikira chilombo chosala kudya, moni wa a Jeremiya amene sanabwererenso mpaka Khirisimasi, ndi chitenje cha maluwa achikasu, chimene china chinadyedwa ndi ng'ombe, china chikadali pa minga. Kutchalitchi Zipora ankapita ndi chakale chija choberekera mwana.